Buluku la a Tcheyamani

Munthu wa ku Dedza akamakuchenjezani za chisanu, chonde musamuseke. Ine ndinaseka, ndipo kusekako kunandifikitsa poti mudzi wathunthu unaona chimene chinali kunsi kwa chitenje changa, masanasana, ng'oma zikulira. Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira ndimadzigwirabe kumaso.

Kwathu ndi ku Nsanje, kumene munthu umatuluka thukuta uli m'kati mosamba. Nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, boma mwa nzeru zake linaona kuti malo ondiyenera ndi kasukulu kena ka m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Mayi anga anali atalengeza kale kuchigayo, kuchitsime ndi kumaliro komwe kuti mwana wawo tsopano ndi mphunzitsi wa boma, choncho zobwerera kumudzi chimanjamanja panalibe. Ndinafika mu Okutobala ndi sutikesi yodzaza madiresi opyapyala, nsapato zapulasitiki ndi ambulera yotchingira dzuwa (inde, ambulera, mwamva bwino).

Nyumba ya aphunzitsi inali isanafoleredwe, ndiye anandipezera chipinda kwa a Nkhoma, tcheyamani wa chipani wa dera limenelo, bambo wamtali wokonda kumva mawu ake omwe. Akazi awo, aNambewe, anali mayi wosalankhulalankhula. Anandithandiza kumasula katundu, n'kusanthula sutikesi yonse mpaka pansi.

"Aphunzitsi, nanga juzi ili kuti?"

"Juzi yachiyani, mayi? Ife a kuchigwa magazi athu ndi otentha kale."

"Oo. Chabwino. Tidzaonana mu Juni."

Ndinaseka chikhakhali. Ndinalemberanso mayi anga kuti anthu a kuno ndi amantha, amavala zipewa zaubweya kamphepo kakangoti pee.

Juni sanadikire n'komwe, anatumiza Meyi kuti adzandipatse moni. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kuphimba mapaini onse, madzi a mumtsuko ankaluma zala, ndipo kalasi yanga inali ndi mawindo a mtundu wamakono, opanda galasi ngakhale limodzi. Choko chinkandipulumuka m'manja. Ndikati ndiwerengetse ana, mano ankaombana moti anawo ankabwereza mawu anga ndi kunjenjemera komwe, poganiza kuti Chingelezi chimatchulidwa choncho. Magazi otentha aja sindikudziwa anathawira kuti.

Nzeru yoyamba inali kuvala madiresi onse nthawi imodzi. Zinathandizako, mpaka tsiku lina potuluka ku misa ndinaona amayi akundiyang'ana pamimba, kenako n'kuyang'anana okhaokha. Wina anachita kundifunsa mwaulemu ngati ndayamba kulakalaka mapichesi osapsa. Ine wosakwatiwa! Madzulo omwewo ndinavula onse n'kutsala ndi imodzi.

Nzeru yachiwiri inali kuluka juzi. ANambewe anandibwereka singano zolukira n'kundiphunzitsa moleza mtima. Mwezi utatha ndinali nditaluka mkono umodzi, wautali bwino, woti ukanakwana a Nkhoma. Pa liwiro limenelo juziyo ikanatha mu Okutobala, nthawi ya ambulera ija.

Nzeru yachitatu inali mbaula, imene ndinaiika kunsi kwa tebulo m'kalasi. Ana ndi amene anayamba kumva fungo. Chitenje changa chatsopano chinabooka kumbuyo, malo oipa kwambiri oti chitenje chibookere.

Koma vuto lenileni linali miyendo. Kumtundaku munthu umatha kudzikulunga nsalu, koma mphepo ya ku Chongoni imadzera kunsi. Aphunzitsi aamuna ankayenda monyadira m'mabuluku awo, pamene ife akazi lamulo la masiku amenewo linkatiletsa buluku zivute zitani. Mkazi wopezeka atavala buluku ankatengedwa ndi anyamata a chipani, ndipo ngati ndi mphunzitsi, ntchito inkathera pomwepo. (Sindikukayika kuti amene anakhazikitsa lamuloli analiganizira mofatsa, atakhala pa mpando wofewa, miyendo yawo ili m'mabuluku aubweya.)

M'mawa wina aNambewe anandipeza kuseri kwa khitchini ndikulira. Kulira kwenikweni, kwa misozi, chifukwa zala za kumapazi sindinkazimvanso ndipo ndinali nditayamba kuganiza zosiya ntchito. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi kanthu kokulunga m'nsalu.

"Ndi la bambo, lakale. Ali nawo awiri, sangadziwe. Mulipinde lifike m'katumbamu, mumange ndi chingwe cha khonje, chitenje pamwamba. Pakamwa mutseke."

Linali buluku la khaki, lokhuthala, lokhala ndi chigamba chofiira kunsi kwa mwendo wakumanja pamene tcheni cha njinga chinaluma. Nditalivala ndinamva ngati ndabwerera kwathu. Khonje yekha ndiye ankandiyabwa, choncho ndinamutaya n'kumangira malegeni, timizere ta chubu chakale cha njinga. Ndinadziyamikira kwambiri pa nzeru imeneyi.

A Nkhoma anadziwa. Munthu wa mabuluku awiri amawadziwa ngati ana ake. Anasanthula nyumba yonse, anakalipa, kenako anagamula kuti ndi akuba ochokera kutsidya kwa malire. Nkhaniyi anakainena ngakhale pa msonkhano wa chipani, kuti adani a chitukuko afika pobera atsogoleri zovala. Ine m'mawa uliwonse ndinkagwada kuwapatsa moni, buluku lawo lili phee m'kati.

"Mwaona, aphunzitsi, mmene dziko laipira?"

"Anthu alibe chisoni, bambo," ndinkayankha choncho, maso ali pansi.

Ndikanakhala munthu woyenda pang'onopang'ono moyo wanga wonse, bwenzi nkhaniyi itathera pamenepa. Koma kumapeto kwa Juni kunabwera uthenga woti amayi onse a m'deralo, aphunzitsi omwe, akasonkhane pabwalo la sukulu kukonzekera magule a chikondwerero cha ufulu wa dziko. Kukana kunalibe. Tsikulo kunazizira kuposa masiku onse, ndiye ndinati buluku sindivula, ndikangovina mwaulemu kumbuyo kwa anzanga.

Anthu anadzaza bwalo. A Nkhoma anakhala pa mpando kutsogolo, ahedi a sukulu pambali pawo, anyamata a chipani a malaya ofiira ataima kumbuyo ndi nkhope zawo zosaseka. Ng'oma za chimtali zinayamba, ife n'kupanga bwalo. Poyamba ndinkangosuntha mapazi. Koma thupi litayamba kutenthera, kwa nthawi yoyamba chichokereni Meyi, mtima wa matama uja unadzuka. Ndinati anthu a kumapiriwa aone mmene timadulira chiuno kuchigwa. Amayi anayamba kululutira, n'kundikankhira pakati. Ine ndiye ndinachita kudzipereka.

Legeni la kumanja linangoti phaa! Ndinamva mwendo wa buluku ukumasuka, ukutsika pang'onopang'ono, mosafulumira, mpaka unatulukira kunsi kwa chitenje n'kukagona pa nsapato. Chigamba chofiira chija chinali poyera, chitayang'ana kumene kunali a Nkhoma. Ndinayesa kuuponda ndi phazi linalo kuti ubisike, ndipo legeni la kumanzere linaona kuti lisatsalire.

Ng'oma zinaleka imodziimodzi. Ahedi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Mnyamata mmodzi wa malaya ofiira anali atayamba kale kuyenda kubwera kwa ine. M'mutu mwanga munadutsa mayi anga, chigayo, chitsime, ndi basi yobwerera ku Nsanje. Ndinachita mantha oti sindinawamvepo chibadwire.

Pamenepo a Nkhoma anadzambatuka pa mpando, chala chili pa chigamba.

"Ilo! Ilo si buluku langa ilo?"

Ndikanakonda akanangondimanga. Mlandu wovala buluku unali wokwana kale, tsopano panaonjezekera funso loti mtsikana wosakwatiwa, wogona m'nyumba ya a tcheyamani, buluku la a tcheyamaniwo walipeza bwanji. Amayi aja a mapichesi osapsa ndinawaona akugwirana mikono. Ena anayamba kuyang'ana a Nkhoma m'malo moyang'ana ine.

ANambewe anatuluka mu mzere wa ovina osathamanga. Anakagwada patsogolo pa amuna awo mwaulemu wonse, koma mawu anawatulutsa oti afike mpaka kwa oimba ng'oma.

"Bambo, mwati buluku lanu? Lija munauza msonkhano kuti linapita kutsidya kwa malire?"

"Ndi lomwelo! Chigambacho munasoka ndinu!"

"Ndiye mufuna anthu onsewa apite kwawo akudziwa kuti buluku la a tcheyamani lapezeka m'chiuno mwa aphunzitsi? Nanga akuluakulu a ku boma akakakufunsani kuti munalivulira kuti, mukayankha chiyani? Tayang'anitsitsani bwino, bambo. Mwina maso."

A Nkhoma anatsitsa chala chija. Anayang'ana khamu, anayang'ana anyamata awo, anayang'ana miyendo yanga nthawi yaitali ndithu. Munthu uja ankatuluka thukuta mu Juni, ku Dedza.

"Ndayang'anitsitsa," anatero potsiriza, mawu atakhuthala ngati a pa msonkhano. "Si buluku ayi. Ndi masokosi. Masokosi aatali a kwawo kuchigwa. Pali wina akuona buluku pano?"

Panalibe amene ankaona buluku. Ahedi anavala magalasi awo n'kuvomereza kuti ndi masokosi ndithu, anawaonapo m'buku. Mnyamata uja anabwerera pamalo pake. Ng'oma zinayambanso, ndipo ine ndinamaliza gule yense ndi masokosi a khaki okhala ndi chigamba, akukwekwereza fumbi. Ku Nsanje, kumene munthu savala ngakhale nsapato chifukwa cha kutentha, tinapatsidwa ulemu wa masokosi ofika m'chiuno.

Ntchito inapulumuka. Dzina ndi limene silinapulumuke, chifukwa kuyambira tsikulo mpaka pamene ndinasamuka, ana ndi makolo omwe ankanditcha aMasokosi, ndipo ndikumva kuti alipo ena kumeneko amene dzina langa lenileni sanalidziwepo. Madzulo ake aNambewe anangondiponyera chingwe cha khonje pamiyendo.

Ndinkayembekeza kuti a Nkhoma aitanitsa katundu wawo mwakachetechete. Sanatero, ndipo sakanatha. Munthu amene wagamula pamaso pa mudzi wonse kuti chinthu ndi masokosi a eni ake sangabwerenso kudzati ndibwezereni. Anatsala ndi buluku limodzi, ndipo tsiku lochapa ankakhala padzuwa atavala kabudula, atafunda bulangete m'miyendo, mawondo akuombana. Ine ndinkadutsa ndi mabuku anga, wofunda bwino, n'kugwada monga mwa masiku onse.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka, aphunzitsi." Kenako ankayang'ana kumbali, n'kufunsa motsitsa mawu: "Masokosi aja akutenthera?"

"Akutenthera kwambiri, bambo. Zikomo."

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kumvera lamulo, kapena kumaliza juzi ija. Juzi ilipobe m'sutikesi ndi mkono wake umodzi. Chimene ndinaphunzira ine n'chakuti khonje amayabwa koma saduka, ndipo masokosi a a tcheyamani ndinawavala mpaka chigamba chinafuna chigamba chinzake.