Dzira la M'khwapa

Nkhaniyi ndimaikamba mutu uli pansi, chifukwa kuno ku Chilomoni alipobe anthu amene amayamba kumwetulira ndisanawapatse n'komwe moni.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene. Anzanga ankakhalira kukangana za zipani pasiteji ya minibasi, ine mtima uli pa thadzi lamawangamawanga limene mkazi wanga anandisiyira pomwalira. Thadzilo linafungatira mazira m'dengu lakale kuseri kwa bafa. Nthawi itakwana linaswa onse kupatula limodzi lokulirapo, ndipo linalisiya n'kumayendayenda ndi anapiye ake.

Ndinalitola kuti ndikataye, koma nditaliika pakhutu ndinamva kanthu kakugogoda pang'onopang'ono, ngati mlendo wamanyazi. Ndinalikulunga m'kansalu n'kuliika m'khwapa (musandiseke, m'nyumba ya munthu wokhala yekha malo ofunda ndi ochepa).

Ine ndine telala wa pakhonde. Masiku amenewo ndinkasoka mkono umodzi uli gwa, mapazi akupalasa makina, maganizo ali kutali. Ndinkaona tambala wamkulu akulira pampanda, bwalo litadzazanso nkhuku ngati kale, malemu akuziwazira madeya kwinaku akuimba chapansipansi. Ndinasoka matumba a buluku la munthu mozondoka, osazindikira.

Kumapemphero a pakati pa sabata, mkulu wa mpingo anandifunsa kuti, "Mkonowo watani, achimwene?"

"Ukupumako," ndinatero. (Bodza silinali.)

M'mawa wina dziralo linabooka. Kachibowo kanaoneka, koma wam'katimo mphamvu zinam'thera, ankangolira mofooka. Ndinanyowetsa kansalu m'madzi ofunda, n'kuyamba kuchotsa chigoba ndi nsonga ya pini, kachidutswa kamodzikamodzi. Ndikaona timitsempha ta magazi ndinkaleka, n'kupemphera, n'kudikira. Dzuwa likuwomba bwino kanatuluka, konyowa, kachikasu, kamoyo.

Kenako ndinakayang'anitsitsa. Mlomo unali wophwatalala. Zala zinali zomatana ndi kachikopa. Ndinadziwa kuti ndine, ndinakapanikiza kwambiri m'khwapa muja. Mwana wa thadzi la mkazi wanga ndam'lumalitsa ndekha.

Ndinakanyamula m'manja, sizasi m'thumba, ulendo kwa aneba anga a Nachisale, mayi wogulitsa mandazi amene amadziwa za ziweto.

"Aneba, ndalakwira cholengedwa cha Mulungu. Za mlomozi palibe chochita, koma zalazi sindingazipatule ndi sizasi?"

Anakayang'ana, anandiyang'ana, kenako anakhala pansi pakhonde n'kuphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Sizasiyo isatuluke, abambo. Ameneyu ndi bakha."

"Bakha? Thadzi langa?"

"Dziralo ndinaika ndine. Abakha angawa ndi aulesi, safungatira, ndiye ndinati nkhuku yanu indithandize. Ndimati ndikuuzani koma zinandichoka. La bakha limachedwa kuswa, simudziwa? Nanga thadzi litalisiya, lakhala kuti masiku onsewa?"

Apa munthu wanzeru akanangokhala chete. Ine ndinakweza mkono n'kuloza.

Pofika masana nkhani inali itafika pampopi, ndipo amayi odutsa ndi zidebe ankandipatsa mafuno abwino. "Mwachira, abambo? Mwana akuyamwa bwino?" Ndinkangoyankha kuti zikomo.

Kabakhako ndinakasiya kwa mwini wake, poti kanali kawo. Koma kanalowa pansi pa mpanda n'kubwera kudzakhala paphazi langa, pafupi ndi makina. Ndinakabweza, kanabweranso. Ulendo wina a Nachisale anangoima pampanda manja ali m'chiuno.

"Musungeni. Ine sindilanda mwana kwa make."

Zimene ndinaphunzirapo n'zochepa. Ndinasiya kuyankha mafunso ndi manja. Koma mawa lake ndinatsikira kumsika, n'kukagulira kabakhako beseni lakelake losambiramo.