Ng'oma ya Pansi pa Sinki

Ana inu, mwambi umene ndikufuna kukuuzaniwu mumaumva kawirikawiri, koma kumene unachokera simukudziwa. Sendezani mipando, chiyambi chake n'chotere.

Ku Chinamwali, mu Zomba, kunali bambo wina dzina lake a Kandaya. Atapuma pa ntchito yaukalaliki anamanga nyumba ya njerwa zootcha, ndipo m'nyumba monsemo ankanyadira kwambiri khitchini. Munali sinki yonyezimira, yokhazikidwa pa kabati ya matabwa ofewa aja opangidwa ndi utuchi. Mlendo aliyense, ngakhale wongofunsa njira, ankayamba waonetsedwa sinkiyo.

Chinkawasowetsa mtendere chinali dengu la zinyalala limene akazi awo, Nachanza, ankaika pafupi ndi chitseko. Chinkhoswe cha mwana wawo Tinyade chinali chitatsala miyezi iwiri, ndipo a Kandaya sankafuna kuti akuchimuna adzalandiridwe ndi ntchentche.

"Mayi a Tinyade," anatero tsiku lina m'mawa, "kwa abwana anga akale zinyalala sizinkaoneka. Zinkakhala m'kabati, pansi pa sinki."

"Ndiye itanani a Twaibu okonza mipope aja adzaone malo ake. Pansipo pali mapaipi."

"Ine ndalemba makalata zaka makumi atatu. Ndilephere kulowetsa ndowa m'kabati?"

Ndowa anali nayo kale, yachitsulo, ya chivundikiro chake. Inali ya malume awo a Sikelo, amene anamwalira chaka chapitacho kumudzi ku Jali. Malumewo anali katswiri woimba ng'oma, ndipo maliro a munthu wamkulu sankanyamuka iwo asanafike. Pa maliro a iwo eni, a Kandaya anaisirira ndowayo n'kuilowetsa m'galimoto mwakachetechete katundu asanagawidwe. Ngakhale Nachanza sanamuuze kumene anaitenga.

Akaziwo atapita kumsika kumene ankagulitsa nsalu, a Kandaya anagwada n'kuyamba ntchito. Ndowa inalowa theka n'kukakamira pa paipi yopindika ija imene imatulutsa madzi akuda. Anaipendeketsa, inakana. Anaitembenuza, inakana. Pomaliza anakhala pansi, anatsamira khoma, n'kuikankha ndi mapazi onse awiri. Kumbuyo kunamveka kanthu kakuti thi, ndowa n'kulowa yonse. Inathina moti kuitulutsa kunali kosatheka, ndipo chivundikiro chinkangotseguka pang'ono poti n'kulowetsa dzanja. Iwo anati zili bwino choncho, akuba sangaibe.

Mawa lake masana, atadya, Nachanza anatsuka mbale n'kubwerera kumsika. Nyumba inangoti zii. Dzuwa linali paliwombo, ngakhale nkhuku zinali zitabisala. A Kandaya anali atayamba kuwodzera pampando pamene anamva kulira.

Du. Du. Du.

Anatsegula maso. Anaganiza kuti ndi ana a kusukulu, koma kulirako sikunkachokera kunja. Anayenda monyang'ama mpaka pakhomo la khitchini. Munalibe munthu. Mbale zinali pa malo ake, mpopi uli chotseka. Kulira kunkachokera m'kabati, ndipo kunkapita pang'onopang'ono, molemera, ngati ng'oma yolengeza zovuta.

"Ndani?" anafunsa.

Kunakhala chete kanthawi. Kenaka: du.

Anatuluka chambuyo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka akazi awo atabwera.

"Bwanji mwakhala panja ngati mlendo?" anafunsa Nachanza.

"Ndikupitidwa mphepo."

Madzulo Nachanza sanamve kanthu, chifukwa iye akalowa m'khitchini wailesi inkalira, mapoto akugundana, mwini wake akuimba nyimbo za kwaya. Koma tsiku lililonse akangotsuka mbale n'kuchoka, ng'oma inkayamba. Inkayamba mofulumira ngati ikuitana anthu, kenaka n'kumachedwa, n'kumachedwa, mpaka a Kandaya ankapezeka atagwira mpweya kudikira kugunda kotsatira. Tsiku lachitatu analimba mtima n'kutsegula kabati. Anangoona mdima ndi mimba ya ndowa, ndipo kamphepo kozizira kanawakhudza kumaso. Ali chigwadire choncho, ndowa inagunda kamodzi pafupi ndi mphuno yawo. Anaimva ndi m'mano momwe.

Apa sanakayikenso. Kaimbidweko ankakadziwa. Anakamva ali mwana, ataima kumbuyo kwa malume awo pa maliro a anthu.

Chakudya chinayamba kuwakanika. Lamba anaboola bowo lina. Tsiku lachisanu ndi chiwiri Nachanza anawayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tinyade, mukudwala chiyani?"

"Kodi iwe," anatero motsitsa mawu, "munthu akamwalira, katundu wake amamukumbukira?"

"Katundu wa ndani?"

"Ndangofunsa."

"Mukafuna kundiuza mudzandiuza. Koma m'khitchinimu mwayamba kumveka chinyontho. Itanani a Twaibu."

A Twaibu sanaitanidwe. A Kandaya anaona kuti nkhani ya pabanja siitanirwa munthu wa sipanala. Anakhala pansi n'kulingalira ngati kalaliki. Malume ankadana ndi kuzizira, ndipo ngakhale mwezi wa Okutobala ankagona chofunda. Tsono iwo anawatsekera m'kabati ya mdima, pa simenti. Akulirira chiyani china, ngati si chofunda?

Anatenga bulangete latsopano limene anasungira alendo a chinkhoswe, analipinda kanayi, n'kugwada patsogolo pa kabati atavula chipewa.

"Malume, ndine Kandaya, mwana wa mlongo wanu. Ndinalakwa, pepani. Ndowayi ndikanabweza, koma mwaona nokha kuti yakana kutuluka. Landirani kachofunda aka, mugone."

Atatseka maso analowetsa bulangete pamwamba pa ndowa, n'kulikankhira kumbuyo ndi mpini wa tsache. Anadikira. Mphindi inatha, ina inatha. Ng'oma inaleka.

Misozi inalengeza m'maso mwawo. Anatenga misomali inayi n'kukhomerera chitseko cha kabati kuti wina asadzawasokoneze malume. Nachanza atafunsa, anamuyankha kuti nzeru ya abwana ija aiganiziranso, ndipo dengu libwerere pakhomo.

Masabata anapita m'nyumba muli bata. A Kandaya anayambanso kudya, koma m'khitchini munayamba kusintha. Munkamveka fungo la dothi lofukulidwa kumene. Mphaka, amene kale ankagona pafupi ndi sinki, ankafika pakhomo n'kubwerera. Tsiku lina masana mphemvu zinatuluka pansi pa kabati pamzere, zazikulu kutsogolo, zazing'ono pambuyo, n'kuwoloka khitchini yonse osathamanga, ngati anthu ochokera kumanda. Kenaka pa mng'alu wa chitseko panamera bowa woyera, atatu.

"Awa ndiye ayi," anatero Nachanza. "Bowa m'nyumba?"

"Usawazule. Ndi chizindikiro chakuti kwinakwake mitima yagwa pansi."

"Mtima wa ndani?"

A Kandaya anangomwetulira ngati munthu wodziwa zakuya.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Mwambo usanayambe, a Kandaya anatenga mayi a mnyamata, mayi Chikaonda, kuti akawaonetse khitchini. Anali mayi athupi, aulemu wawo, atavala chilundu chatsopano. Sinki inali yodzaza ndi madzi ndi mbale, ndipo pambali pake amayi ophika anakhazikapo mphika waukulu wa thobwa.

"Sinki imeneyi, asebere, ngakhale ku Blantyre simungaipeze," anatero a Kandaya.

"N'zoona, ndi yokongola," anayankha mayiwo, n'kutsamirapo ndi zigongono zonse ziwiri.

Sipanamveke kuthyoka kulikonse. Matabwa anali atafewa ngati mkate wonyikidwa mu tiyi. Sinki inangoyamba kutsika, pang'onopang'ono, mowongoka, ngati bokosi la maliro likamatsitsidwa ndi zingwe, mayi Chikaonda akutsika nayo limodzi, nkhope ili phee chifukwa sankamvetsa chimene chikuchitika. Atafika pa maondo, mphika wa thobwa unapendekeka n'kuwakhuthukira pamsana. Chitseko chokhomedwa chija chinagwa chafufumimba, ndipo munatuluka chinthu chakuda, chonyowa, chomera nkhungu ngati ubweya, n'kudzagwera pa mapazi a a Kandaya.

A Kandaya anagwa chogwada. "Malume, ndikhululukireni, ndowa yanu ndibweza lero lomwe."

Amayi onse ophika anamva. Nachanza anayang'ana chinthucho, n'kuchinyamula ndi nsonga ya chikuni.

"Ili ndi bulangete langa la alendo, lija ndakhala ndikulifunafuna. Ndipo ndowa iyi ndi imene alongo anu akhala akuifunsa chaka chathunthu."

Amayi ophika aja anawadzutsa mayi Chikaonda, anawasambitsa, n'kuwabwereka chitenje. Mwayi wake anali munthu wokonda kuseka, moti chinkhoswe chinachitika ndithu, kunja, anthu akumwa madzi m'malo mwa thobwa. A Twaibu, amene anali pakati pa oitanidwa, anavula jekete n'kukasuzumira m'mabwinjamo. Anatulutsa paipi yopindika ija n'kuonetsa a Kandaya pamene inasweka.

"Munaithyola polowetsa ndowa. Madzi akhala akudontha kuyambira tsiku limenelo."

"Koma zinthu zimenezi zilibe ulemu," anadandaula a Kandaya. "Kabati yonse kugwa osachenjeza n'komwe?"

"Simunamvepo kudontha pa chivundikiro? Chitsulo chotere chimalira ngati ng'oma."

A Kandaya anayang'ana pansi. "Chinalira sabata imodzi."

"Ndiye munatani?"

"Ndinachifunditsa."

A Twaibu anapukuta manja pang'onopang'ono. "Achimwene, inu munali ndi mwayi. Lanuli linali tsoka laulemu, linayamba laodira. Mwalifunditsa bulangete, ndiye likauza anzake. Ena akamabwera sadzavutikanso n'kuimba."

Lolemba lake a Kandaya anakwera minibasi ya ku Jali, ndowa yophwanyika ili pamiyendo, ndipo aliyense m'minibasimo ankaidziwa kale nkhani yake. Mawu a a Twaibu anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka anafupika. N'chifukwa chake, ana inu, mukaona munthu akudikira kuti vuto liyambe lamuodira, akulu amangopukusa mutu n'kunena kuti: chakudza sichiimba ng'oma.