Vinyo Woyera wa a Kamphinda

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine. Ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, ngakhale kuti kwathu ku Dowa palibe amene saidziwa. Lero ndiinene ndekha, chifukwa ena akamainena amathira mchere wambiri.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ina ya m'mapiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Ndinali ndi mataye awiri, njinga imodzi ndi Chingerezi chosefukira. Ngakhale pogula tomato kwa amayi a pamsewu ndinkayamba ndi "how much". Anthu ankangondipirira.

Mtima wanga unali pa Esnati, mtsikana wa m'kwaya ya pa tchalitchi chathu. Iye anali atandilola kale, koma mwini mbumba anali malume ake, a Kamphinda, mkulu wa mpingo amene sankaseka chisawawa. Ankhoswe anga anali atapitako kawiri, ndipo kawiri konseko anabwera chimanjamanja. A Kamphinda sanakane, koma sanavomerenso. Ine ndinkangofuna mpata woti ndiwaonetse kuti ndine munthu wodalirika.

Mpata uja unabwera Lachisanu lina. Abusa ankafika kwathu kamodzi pa miyezi itatu kudzadyetsa Mgonero, ndipo Lamulungu la sabata imeneyo ndiye linali tsiku lake. A Kamphinda anandipeza ndikupopa njinga.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mawa mukupita ku Lilongwe."

"Eya, akulu."

"Botolo lathu la Mgonero lija latha. Mukatigulire vinyo woyera. Ndatuma inu chifukwa ndinu ophunzira."

Ndinalandira ntchitoyo ndi manja awiri. Sindinafunse kalikonse, poti munthu wophunzira safunsa.

Loweruka ndinalawirira basi, khadi ya chipani ili m'thumba la shati. Nditafika m'tauni ndinalowa m'sitolo yaikulu, mmene munkagula azungu ndi mabwana a m'boma. Kumashelefu a vinyo ndinali ndisanayandikirepo chibadwire. Mabotolo anali ndandanda, ena obiriwira, ena akuda, onse olembedwa mayina oluma lilime.

Kunabwera bambo wachikulire wovala apuloni, wogulitsa m'sitolomo, amene ankati anagwirapo ntchito m'hotela ku Joni.

"Tikuthandizeni chiyani, achimwene?"

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje. Munthu wandifunsa m'Chichewa chomveka bwino, koma mutu wanga unatenga mawu a a Kamphinda n'kuwatembenuza liwu ndi liwu.

"White wine, please."

"Oho. Mukufuna dry kapena sweet?"

Dry ndinkaidziwa, ndinkaiphunzitsa ndekha mu Sitandade 4: chinthu chouma. Ndinayang'ana mabotolo aja mwachinsinsi, onse anali ndi zamadzimadzi mkati. Koma sweet inamveka ngati zinthu za ana, zosayenera m'nyumba ya Mulungu.

"Dry," ndinatero. "Very dry."

Bambo aja anatsitsa mabotolo awiri. Ankaidziwa ntchito yawo, ndipo ankaikonda.

"Uyu ndi blend. Anasakaniza mphesa za mitundu ingapo kuti akome mofatsa, aliyense angamukonde. Koma uyu ndi wa mphesa za mtundu umodzi wokha, Chenin Blanc, wochokera ku Kepi, ku South Africa. Mukamununkhiza mumva kafungo ka gwafa."

Ndinaganiza kuti pa gome la Ambuye sipangapite zosakanizasakaniza. Komanso masiku amenewo a chipani chimodzi tonse tinali titazolowera zinthu za mtundu umodzi, ndipo munthu wofuna kukalamba sankafunsa za mitundu ina pagulu. Ndinaloza wachiwiri uja.

"Mwasankha bwino. Ameneyu amayenda ndi nsomba kapena nkhuku. Inu mudyera chiyani?"

"Bread."

"Buledi yekha? Anthu angati?"

"Over one hundred."

Bambo aja anayang'ana botolo limodzi lija, kenako anandiyang'ana ine.

"Phwando lake ndi lotani, achimwene?"

Khomo lothawira linali pamenepo, lotsegula. Ndikanangoti "Mgonero", bwenzi nkhani ino kulibe.

"Private function," ndinayankha.

"Chabwino. Koma mukamwe wozizira."

Malangizo ndinawasunga. Nditafika kunyumba botolo lija ndinaliviika mumtsuko wa madzi mpaka m'mawa, kenako ndinakalipereka kwa a Kamphinda m'kachipinda ka akulu a mpingo. Botolo linali lobiriwira, kachipindako kanali ndi kazenera kamodzi, chikho chinali chachitsulo, ndipo maso a a Kamphinda anali atayamba kale kutopa. Anathira osaona kanthu.

"Mwagwira ntchito, aphunzitsi," anatero. Mawu amenewo anandikoma mpaka kumsana.

Tchalitchi chinadzaza. Ena anali atanyamuka tambala woyamba kutsika mapiri kuti asaphonye Mgonero. Ine ndinakhala kutsogolo, nditavala taye yabwino pa mataye awiri aja, ndipo ndinaonetsetsa kuti Esnati wandiona.

Abusa ananyema buledi. Kenako anakweza chikho n'kuyamba mawu aja onena za mwazi. Ali pakati anasuzumira m'chikhomo, ndipo mawu anathera pomwepo. Anachipendeketsa chakuzenera. Anakodola a Kamphinda ndi chala. Ankati akunong'ona, koma m'tchalitchi munali zii, moti tonse a kutsogolo tinamva.

"Akulu, ku Kana madzi anasanduka vinyo. Kuno zayenda chobwerera?"

A Kamphinda anasuzumira, ananunkhiza, kenako anatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso awo anandipeza. Munthu wanzeru akanawerama. Ine ndinaimirira.

"Ndi vinyo ndithu, abusa. Wa mphesa za mtundu umodzi, wosasakaniza. Very dry."

Kumbuyo wina anatsokomola chifuwa chabodza. Ndinaona Esnati akubisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka.

Abusa anali munthu wofatsa. Anati, "Abale ayenda mtunda wautali. Ambuye amayang'ana mumtima, sayang'ana mtundu wa m'chikho. Tiyeni tipitirize."

Chikho chinayamba kuyenda. Aliyense akapsontha, nkhope inkachita tsinya. Anthu anali atazolowera vinyo wofiira wotsekemera uja. Mayi ena achikulire, amene makutu awo sankamva bwino ndipo ankalankhula mokweza osadziwa, anapukuta pakamwa n'kuuza mnzawo, "Machimo athu achuluka, anzanga. Ulendo uno wawawasa ngati bwemba."

Tsopano ndiulule tchimo lenileni. Chikho chitafika kwa ine, vinyo uja anandikoma. Anali akadali wozizirira, wowawasa mwaulemu, ndipo kafungo ka gwafa kaja kanalimodi. Pamene ndinayenera kulingalira za zolakwa zanga, ine ndinkalingalira za nkhuku yootcha.

Mapemphero atatha, a Kamphinda anandiitanira m'kachipinda kaja. Sanakweze mawu, ndipo chimenecho ndiye chinandiopsa kwambiri.

"Aphunzitsi, ndinakutumani chiyani?"

"Vinyo woyera, akulu."

"Nanga mwabweretsa chiyani?"

"Vinyo woyera, akulu. White wine."



"Ndiye inu, zaka zonsezi, mukamamva kuti Mzimu Woyera, mumayesa kuti ndi mzungu?"

Abusa, amene ankavula mkanjo pakona, anatuluka msangamsanga ngati aitanidwa panja. Tinawamva akuseka kuseri kwa khoma.

Masabata awiri otsatira anali owawa. Ana a sukulu ankandipatsa moni wakuti "Good morning, Very Dry". Ndinkadzera njira ya kudimba kuopa kudutsa pakhomo pa a Kamphinda. Ndinali ndi chisoni chenicheni, chifukwa ndinkadziwa kuti Esnati ndamutaya ndi pakamwa panga pomwe. Ankhoswe atati apitenso kachitatu, ndinawauza kuti angotha nsapato pachabe. Anapitabe, ndipo posakhalitsa kunabwera uthenga woti nanenso ndikufunika kumeneko.

Ndinakhala pansi, kumapeto kwa mphasa, chipewa chili pabondo. Chingerezi chonse ndinachisiya kunyumba.

A Kamphinda analankhula ndi ankhoswe ngati ine palibe.

"Munthu amene umamutuma n'kupitadi, n'kubwerako nacho chinthu m'manja, ngakhale cholakwika, ameneyo akhoza kusunga banja. Mwanayo tikupatsani. Koma mawu anga ndi amodzi: ndikufuna ukwati woyera."

Ankhoswe anaomba m'manja. Ine mtima unakhala pansi. Kenako a Kamphinda anatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa.

"Aphunzitsi, mwamvetsa? Woyera wa kutchalitchi. Ndisamve kuti mwakwera basi kukagula njereza!"

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandituma m'Chichewa, ndimakagulanso m'Chichewa.