Mfundo Khumi, Mphindi Ziwiri

Lolemba

Timu ya dziko yatuluka mu mpikisano. Inatuluka Lachisanu, koma mtima ukundiwawa lero, ndipo si chifukwa cha zigoli.

Dzana madzulo, pa pologalamu ya masewero ija anthu amaimbako foni, alamu anga a Binton amveka pa wailesi. A Binton, achimwene a mkazi wanga. Munthu amene mpaka lero amakhulupirira kuti ofusayidi ndi nkhanza chabe za woimbira. Akuti: "Wosewera mpira ali ngati fodya, amayambira ku nazale. Dziko lino lilibe nazale ya mpira."

Mawu amenewo ndi anga. Ndinawayankhula m'mawa wa tsiku lomwelo kudambo, tikuthirira nazale zathu zomwe zili moyandikana, iwo ali duu ndi kheni m'manja. Ndimayesa sakumva. Kani akusunga.

Lero kuno ku Kapelula aliyense akuwatchula kuti a Kochi. Pamzere wa feteleza wa makuponi anthu achita kuwasendezera kutsogolo. Ine ndaima padzuwa mpaka atseka chitseko.

Ndili ndi nsanje, sindibisa.

Chochita: Loweruka likubwerali woimba ndine. Mfundo khumi. Dziko lidziwe mwini nazale.

Lachiwiri

Ndikulemba mfundo papepala limodzi. Zikuluzikulu ndi izi:

1. Nazale (YANGA). Ana ayambire ku pulayimale, ndi mpira weniweni, osati wachikulunga.
2. Makuponi a mipira. Ngati a feteleza amafika m'mudzi uliwonse, a mipira angalephere bwanji kufika pasukulu iliyonse?
3. Ofufuza osewera afike mpaka ku Simlemba, asamathere m'tauni momwe muli malo ogona abwino.
4. Otchinga kumbuyo azisankhidwa pakati pa anthu onyamula mabelo a fodya.
5. Goloboyi asamatuluke pagolo ngati wina wamuitana kunyumba.
6. Kochi asamachotsedwe timu ikangogonja kamodzi.

Zinayi zotsalazo ndi zozama kwambiri, zili papepala.

Wailesi imapatsa munthu mphindi ziwiri. Ndayeseza kuseri kwa chigafa, wotchi ili pamwala. Zikukwana ndendende, bola osapuma.

Mayi a Tiyamike, mkazi wanga, andipeza ndikuuza mizati ya chigafa za goloboyi. Akuti: "Mukaimba mundipatseko moni. Achimwene akazi awo sanawaiwale."

Moni umodzi si nkhani. Ndaulemba kuseri kwa pepala. Mfundo ya khumi ndaidula mzere, inali yofooka kale.

Lachitatu

Ulendo wa kugolosale ya a Saidi kukatchajitsa foni ndi kugula mayunitsi.

Pabenchi la pakhonde, pamene ndakhala ndikufotokozera anthu mpira kuyambira tsitsi lili lakuda, pali a Binton. Pamalo panga penipeni, pomwe thabwa linasalala ndi thalauza langa. Botolo la chakumwa chozizira lili m'manja, chowagulira anthu. Ine zaka zonsezi palibe anandigulirapo ngakhale sikono.

Wina akuwafunsa: "Nanga a Kochi, nazale ikatha, kenako chiyani?" Iwo akuyang'ana kumwamba, akuti: "Zimenezo n'zapawailesi." Alibe kanthu munthuyu! Ndikudziwa ndine ndekha. Pepala lili m'sokosi, pakamwa ndatseka.

A Saidi pondipatsa foni akunong'ona: "Ndamva muimba. Mutchuleko golosale ino, alamu anu aja anaiwala." Ndani wawauza? Munthu amene amakutchajira foni sungamukanize.

Pobwerera ndakwera chulu cha m'mbali mwa dambo. Netiweki ilipo, timizere tiwiri, ukayang'ana cha ku Mtunthama ndi kukweza chigongono.

Moni: awiri. Mfundo: zisanu ndi zitatu.

Lachinayi

Apongozi abwera okha, ndi ndodo yawo. Mwaulemu wa chipongozi akhala patali, pansi pa mtengo wa mango, nkhope atalozetsa kumbali, ine ndili pakhonde. Mawu akudzera mwa mayi a Tiyamike, ngakhale ndikuwamva bwinobwino.

"Awuzeni bambowo kuti ine sindikupempha kanthu. Ndangomva kuti a Saidi atchulidwa."

Ndiye kupempha kumeneko.

Vuto ndi lakuti apongozi sapatsidwa moni okha. Ukatchula iwo, utchulenso ang'ono awo a ku Simlemba. Ukatchula a ku Simlemba, amalume a mkazi wanga amva bwanji? Ndipo apongozi sangabwere pambuyo pa golosale. Tatha ola lathunthu tikukonza ndondomeko, ine pakhonde, iwo pansi pa mango, mkazi wanga akuyenda pakati.

Kuseri kwa pepala tsopano:
apongozi
ang'ono awo
amalume
amayi a mvano onse
mayi a Tiyamike (atsika okha, akuti ndi ulemu)
a Saidi ndi golosale

Ndayesezanso. Onyamula mabelo achoka. Goloboyi wachokanso, azingotuluka momwe akufunira.

Madzulo kudambo a Binton akundifunsa ngati ndili bwino, akuti ndachepetsa kuyankhula. Ndayankha za nyengo basi. Mbande zawo zabiriwira kuposa zanga. Ngakhale fodya akukondera.

Lachisanu

Nkhani yafika paliponse. Sindingathe kuthirira bedi limodzi popanda munthu kuima kumbuyo kwanga n'kutsokomola.

Mkulu wa mpingo akuti: "Mukatchula golosale osatchula mpingo, anthu aganiza chiyani?" Walowa, pamodzi ndi kwaya. Banja lomwe linaferedwa mwezi watha likufunika mawu a chipepeso, ndipo chipepeso sichithamangitsidwa. Wokonza njinga walowa chifukwa anandiona ndikulemba dzina la wometa.

Ndayesa kuwerenga maina mothamanga. Mayi a Tiyamike akuti kutchula akuluakulu ngati ukuwerenga nkhuku ndi mwano. Dzina lililonse likhale ndi "ndikuti moni kwa" wake.

Kenako chachikulu. "Achimwene simunawalembe."

Mayi a Tiyamike akupitiriza:

"Mukawasiya anthu aziti pali chidani."

Chilipo! Koma ndawalemba, pansi penipeni, ndi zilembo zing'onozing'ono, pafupi ndi pomwe pepala linang'ambika.

Moni: khumi ndi asanu ndi anayi. Mfundo: imodzi. Nazale. Imeneyi yokha ndiinena, ndi kuwonjezera kuti inayambira pakamwa panga. Masekondi khumi ndi okwanira kubweza ulemu wa munthu.

Loweruka

Faifi koloko madzulo. Ndili pamwamba pa chulu, jekete la kutchalitchi, foni kudzanja lamanja, pepala kumanzere. Pansi pali mudzi wonse ndi mawailesi atatu. Apongozi ayalitsa mphasa chapatali. A Binton aima kutsogolo, manja kumbuyo.

Kuimba koyamba, otanganidwa. Kachiwiri, chimodzimodzi. Chigongono chikuwawa. Kachikhumi ndi chinayi, yalowa.

"Tikuyankhula ndi ndani?"

Ndikutchula dzina langa, mawailesi atatu aja akulira tswii nthawi imodzi, woulutsa akukuwa kuti tichepetse wailesi. Dzina lapita mumphepo. Sakufunsanso.

Ndikuyamba moni. Apongozi. Nthungululu pansi. Ang'ono awo. Amalume. Mvano, nthungululu zina. Chipepeso, pang'onopang'ono. Mpingo, kwaya, a Saidi, wometa, wokonza njinga. Ndikumva woulutsa akupumira m'mwamba. Latsala dzina limodzi, kenako nazale. Ndikulitchula motsitsa mawu kuti lidutse msanga.

"A Binton? A Binton a nazale aja? Ali pafupi? Tawapatsani foni."

Ali pafupi. Akwera kale chulu. Apongozi akuyang'ana, koyamba m'moyo wanga akundiyang'ana m'maso. Ndingakane bwanji?

Atenga foni. Atenganso pepala, ngati ndi chinthu chimodzi. Alitembenuza.

Ndinadula mizere ndi pensulo, mopepuka, poganiza kuti mwina nthawi ipezeka. Zonse zikuwerengeka.

Makuponi a mipira: woulutsa akuti "Eya!" Ofufuza osewera ku Simlemba: akuti zimenezi akuluakulu amve. Pa goloboyi akuseka mpaka kutsokomola. Mphindi ziwiri zija zatha kalekale, palibe akuwadula. Ndaima pambali, ndawagwira chigongono kuti netiweki isathawe. Sindikudziwa chifukwa chake ndikuchita zimenezi. Mwina chifukwa mfundozo ndi zanga, ndipo ndikufuna zifike bwino.

Mayunitsi anga athera pa mfundo ya khumi, yofooka ija. Ngakhale imeneyo yamveka yanzeru.

Woulutsa akutseka: "Ku Kasungu kuli anthu oganiza. Tithokoze a Binton, ndi bambo aja anawagwirira foni."

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundigwira chanza. Akuti moni ndimautha, mawu anga amamveka bwino pa wailesi. Apongozi atumiza nkhuku. Wometa akuti ndinamutchula pambuyo pa kwaya koma palibe kanthu. Za mpira palibe wandifunsa ngakhale mmodzi.

Pabenchi la a Saidi, pomwe akukhala a Binton, pawonjezedwa kapilo.

Tikutuluka, a Binton andikokera pambali. Akuti: "Alamu, mumalemba zooneka bwino, sindinavutike n'komwe. Loweruka likubwerali anthu akufuna ndiimbenso. Muli ndi zina?"

Ndati ndilibe.

Ndili nayo. Yandibwerera pakati pa ulaliki, ndipo ikuposa khumi zonse zija. Imeneyi timu ya dziko ikaitsatira sidzatulukanso msanga mu mpikisano uliwonse. Sindiilemba muno, mayi a Tiyamike amadziwa pomwe kope lino limakhala.

Koma mawa m'mawa tikathirira limodzi kudambo, a Binton ali duu ndi kheni yawo. Ndikudzidziwa. Bedi lachitatu lisanathe ndikhala nditawauza.