Tsiku Limene Ndinakwirira Chinangwa cha Azakhali

Ukhondo ndi wabwino, koma wanga unatsala pang'ono kundisowetsa pogona pachilumba cha Likoma.

Ine ndinabadwira ku Bulawayo. Bambo anga anachoka kwawo ku Yofu, mudzi wa pachilumbachi, ali mnyamata kukafuna ntchito ku Zimbabwe, ndipo sanabwerereko mpaka imfa. Nditapeza mwayi wophunzitsa Chingerezi pasukulu ina pachilumbachi, ndinafikira kwa azakhali, mlongo wa bambo. Anandilandira, koma anandiuziratu kuti ndikhala nawo teremu imodzi yokha, kenako aona. Zinali zoonekeratu kuti mkwiyo umene anasungira achimwene awo unali usanazizire.

Ndinatsimikiza mtima kuti ndiwagometsa. Kusesa ine, kutunga madzi ine, kuchapa ine, ngakhale zovala zimene zinali zoyera kale.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi fungo linalake lomwe linkalowa pawindo la kuchipinda kwanga. Poyamba ndinaganiza kuti ndi khoswe wakufa, moti ndinatulutsa katundu yense panja, osapeza kanthu. Kenako ndinayamba kuyang'ana ndi diso loipa mbuzi za aneba (ndinazilakwira, zinalibe mlandu). Loweruka lina azakhali atapita kumaliro ku Khuyu, ndinalilondola fungolo ndi mphuno mpaka kuseri kwa khitchini. Ndinapeza mbiya yaikulu yovundikira. Nditavundukula, mayo ine! Madzi otuwa, thovu pamwamba, pansi pali zinthu zofewa ngati nthochi zoola.

Ndinawamvera chisoni azakhali kuti ukalamba wayamba kuwaiwalitsa zinthu. (Musandiseke msanga. Kwathu ufa timagula m'sitolo, chinangwa ndinkachidziwa chophika, chomwera tiyi.) Ndinamanga mpango pamphuno, ndinakumba dzenje, ndinakhuthuliramo zonse n'kukwirira, n'kupondaponda. Mbiyayo ndinaikwecha ndi sopo waufa n'kuiyanika pakhomo penipeni kuti akamafika ayambe aiona.

Anaionadi. Anaima, n'kukhala pansi pakhonde osavula ndi nsapato zomwe.

"Mwanawe, chinangwa chimene ndinaviika chili kuti?"

"Chinaola azakhali, musadandaule, ndachikwirira," ndinayankha ndikumwetulira ngati wakhoza mayeso.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti chinangwa cha kondowole, ufa umene anthu kuno amadalira, chimayenera kuviikidwa mpaka chifewe, ndipo fungo lija linkatanthauza kuti chatsala pang'ono kuvuulidwa n'kuyanikidwa. Chinali chinangwa chokhwima chomaliza m'munda mwawo. Azakhali sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangolowa m'nyumba.

Lolemba m'kalasi nkhani inali itandifikira kale. Nditawauza ana kuti aliyense anene m'Chingerezi zimene zachitika m'mudzi mwawo, mtsikana wina wa ku Mbungo anaimirira n'kulengeza kuti ku Yofu aphunzitsi ena aika maliro a chinangwa popanda kuitana abusa. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Chingerezi chake chinali chosalala bwino, ndiye ndikanatani? Ndinamuombera m'manja, nkhope ili gwa ndi manyazi.

Kunyumba azakhali ankangoyankha moni basi. Ndinagula ufa wa chimanga, tinkadya, koma mwakachetechete ngati pamaliro. Teremu inali kutha, ndipo ndinali ndi mantha kwambiri. Ana aja ndinali nditawakonda, komanso sindinkafuna kuchoka kwawo kwa bambo anga ndi mbiri yotaya chakudya. Ndinalongedzeratu chikwama n'kuchibisa pansi pa bedi.

Mvula yoyamba itagwa, azakhali anandiitana m'mawa. Ndinati basi, nthawi yotsanzikana yakwana. Koma ndinawapeza atanyamula makasu awiri ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa.

"Ubzala munda wakumtunda uja. Suchoka pakhomo pano mpaka chikhwime, ukumbe wekha, usende, uviike wekha."

Ndinavomera mwaulemu, ndikuganiza kuti ndi chilango cha milungu ingapo. Tili m'njira ndinafunsa kuti kodi chinangwa chimakhwima liti.

"Chathu chino? Chaka chimatha, nthawi zina kupitirira," anayankha osacheuka. "Atate ako anasiya munda umenewu asanakolole. Iwe ukolola."

Ndinalira njira yonse, khasu lili paphewa, iwo n'kumandidzudzula kuti ndikuyenda ngati mlendo.

Masiku ano sinditaya chilichonse ndisanafunse, ngakhale makoko a nthochi. Mizere yanga ndi yokhotakhota, anthu odutsa amaima n'kumaseka, koma chinangwa chamera. Azakhali akuti ndi malimidwe otere, mwina padzafunika ndibzalenso kachiwiri.