Nambala ya Thirakitala ya Apongozi

Lolemba
Cholinga cha sabata ino: kudziwa mtundu weniweni wa thirakitala imene malemu apongozi aamuna anasiya pansi pa mtengo wa mango. Pampu yake ya madzi inafa. Wogulitsa zipangizo ku Limbe akuti sangandipatse ina popanda nambala ya modelo ndi ya injini, ndipo pamenepa akunena zoona. Ndalonjeza apongozi aakazi kuti munda wawo wa ku Thuchila ulimidwa ndi makina mvula isanagwe. Iwo, pokhulupirira mkamwini amene anaphunzitsa masamu zaka zambiri, abweza aganyu onse. Zida: burashi ya waya, parafini, magalasi, kope latsopano. Ntchito ya tsiku limodzi.

Lachiwiri
Kachitsulo kolembedwa manambala palibe. Patsala mabowo anayi, amene ndawayeza ndi kuwalemba m'kope. Akazi anga akuti bambo awo anakachotsa kalekale n'kukasandutsa chigamba cha ndowa yodontha. Ndowayo ndaipeza. Mchenga wotsukira unafafaniza zonse, kupatula chizindikiro chimodzi, chimene ndi 6 kapena 9, malingana ndi mmene munthu wagwirira ndowa.

Lachitatu
Ndikupala dzimbiri. Boneti ndi yofiira. Injini, pansi pa mafuta, ndi yabuluu. Giyabokosi ndi yobiriwira, ndipo ili ndi mawu a Chipwitikizi. Maganizo otheka ndi awiri okha: thirakitala imodzi yopakidwa penti katatu, kapena mathirakitala atatu. Ganizo lomalizali ndikulikana, chifukwa silikundithandiza. Apongozi adutsa, ayang'ana mitambo paphiri, ayang'ana ine, apitirira.

Lachinayi
Yapezeka! Kunsi kwa injini, manambala khumi okhomedwa bwino pachitsulo, yoyamba ziro. Ndakhala nawo masana onse. Awiri oyamba ayenera kukhala a fakitale, awiri otsatira a chaka, otsalawo a mndandanda wa makinawo. Chovuta n'chakuti kuwerenga kotere kukusonyeza kuti thirakitalayi ndi yaing'ono kwa mwana wathu woyamba, amene ankaseweramo ali wakhanda. Kafukufuku aliyense amakhala ndi timavuto totere. Nambala ndaitumiza ku Limbe.

Lachisanu
Yankho la wogulitsa uja: "Bwana, tiyimbe ife kapena muyimba nokha?" Sindikumvetsa. Ndikuwerenga manambalawo mokweza, ndipo akazi anga, osatembenuka n'komwe, akuti imeneyo ndi nambala ya foni. Ndayimba pofuna kuwatsutsa ndi umboni. Yalira. Ayankha ndi Che Saidi, wowotcherera zitsulo ku Chitakale, amene amakhoma nambala yawo pa chilichonse chimene akonza, kaya chitseko, kaya wilibala.

Loweruka
Ku Chitakale. Che Saidi thirakitalayo akuikumbukira ngati mwana wobala okha. Boneti inachokera ku esiteti ya tiyi. Giyabokosi inachokera tsidya la malire. Injini sakutsimikiza, koma akuganizira chigayo china chimene chinatsekedwa. Ndafunsa mwaulemu dzina la modelo, cholembera chili m'manja.
"Aphunzitsi, modelo yake ndine."
Pampu ya ku Limbe akuti siingalowe, popeza yakale ija anaisula okha. Ina angathe kusula, Mulungu akalola, pakatha masabata atatu, akamaliza mageti a anthu. Ndafotokoza mwatsatanetsatane za mvula ndi za lonjezo langa. Amvetsera mpaka mapeto, kenako akuti mvula si dipatimenti yawo.

Lamulungu
Mvula yayamba tili m'tchalitchi, ndipo sinasiye msanga. Aganyu onse atengedwa kale ndi ena. Masana apongozi abwera ndi khasu, alitsamiritsa pa tayala la thirakitala, akhala chapatali monga mwa mwambo.
"Akamwini, ili ndaliyang'ana mbali zonse. Nambala lilibe, koma limalima."
Ndalifufuza ndekha, kumpini ndi kuchitsulo komwe. Akunena zoona. Mawa m'mamawa, kumunda.