Chithunzi Changa Pakhonde

Mukalowa pabalaza panga lero, khoma lonse ndi zithunzi. Pakati pali malemu mkazi wanga Fanesi atamanga duku lake labuluu, mbali iyi ana athu ali ang'onoang'ono, mbali inayo ine ndemwe. M'nyumba ya bambo anga, konkuno kwa Kuntumanji, munali chithunzi chimodzi chokha, chochepa ngati chikhatho, chosomekedwa pakona pa kalendala yakalekale. Alendo amayamikira khoma langa, ine n'kungoti zikomo chamumtima, chifukwa mmene zithunzizo zinakwerera pamenepo ndi nkhani yamanyazi. Koma ndiinena.

Ndinakhala ku Joni zaka makumi atatu. Fanesi anandisiya komweko, ndipo ndinabwerera kumudzi ndi masutikesi awiri ndi katoni ya zithunzi. Anthu ankanditchula kuti mtchona. Dzinali linkandiwawa kwambiri, moti paliponse ndinkalengeza kuti mwambo sindinauiwale ngakhale pang'ono.

"Ine ndinabadwira pompano," ndinkatero pabawo. "Palibe angandiphunzitse za mudzi uno!"

Tsiku lina ndinaganiza zopachika zithunzi zija. Khoma linali litada, choncho ndinalawirira kulipaka laimu anthu asanadzuke. Mipando yonse, tebulo ndi mikeka ndinatulutsa n'kuziyala pabwalo. Kenako ndinaona kuti mtengo wa mango ukutchinga zenera. Zithunzi zioneka bwanji mumdima? Ndinasadza nthambi zake n'kuziponya pamsewu kuti ndizikoke madzulo.

Zithunzi zing'onozing'ono ndinazisiya kuchipinda. Changa chachikulu, cha felemu yakuda, ndili mu suti ndi tayi, ndinachikhazika pampando wa pakhonde kuti laimu asachidonthere. Maluwa apulasitiki amene Fanesi ankawakonda ndinawatsuka n'kuwayanika patsogolo pa chithunzicho.

Cha Fanesi galasi lake linali litasweka paulendo. Ndinachikulunga m'chitenje, n'kukhoma chitseko, ulendo wa ku Zomba kukaikitsa galasi lina. Padoko pa Kachulu foni ndinaisiya kwa ometa tsitsi kuti itchajidwe, ine n'kukwera minibasi.

Inu owerenga amene simunatchonepo mwaona kale chimene ndinachita. Ine wa Fomu 4 sindinaone kanthu.

Ndinabwerako cha m'ma folo koloko. Kwa ometa ndinapeza kotseka, ndiye ndinauyamba wapansi. Nditayandikira kwathu ndinaona masamba atayalidwa bwinobwino kudula msewu. Monga munthu wodziwa mwambo, ndinavula chipewa n'kuchepetsa liwiro. Kutsogolo kwanga kunali mayi wina wachilendo atasenza nkhuni.

"Pepani mayi, watisiya ndani?"

"Mtchona uja."

"Mtchona wake uti?"

"Wa ku Joni, wokonda Chingerezi uja. Akuti thupi lili ku Zomba."

Ku Joni tinapitako ambiri. Ndinayamba kuwaganizira anzanga mmodzimmodzi, ndipo chisoni chinandigwira ndithu. Ndinafika pomuuza mayiyo kuti, "Dzikoli ndi lovuta, mayi." Iye anavomera.

Titakhota, ndinangoima chilili. Bwalo langa linali lodzaza! Abambo anali pamipando yanga, amayi pamikeka yanga akuimba nyimbo motsitsa, kuseri moto utayatsidwa kale. Pakhonde, pakati penipeni, panali ine mu suti, maluwa aja atandizungulira mwaluso kuposa mmene ndinawasiyira.

Ndinabisala kuseri kwa mtengo wa mango uja, chithunzi cha Fanesi chili kukhwapa. Amene ankalankhula anali Che Saidi, mnansi wanga wogulitsa matemba.

"Ine ndikubwera kudoko ndangoona masamba pamsewu, mipando panja, chithunzi ndi maluwa. Ndaimba foni kangapo, osayankhidwa. Wina wati wawaona m'minibasi ya ku Zomba, mutu uli pendeke, kukamwa kuli yasa."

Ndinali m'tulo ine! Munthu wadzuka mbandakucha n'kupaka khoma lonse, asawodzere?

"Nanga mipandoyi watulutsa ndani, poti amakhala okha?" wina anafunsa.

"Munthu wophunzira uja," anatero Che Saidi. "Mwina anadziwiratu, n'kukonzeratu zonse."

Anthu anavomera ndi mitu. Ndinatsala pang'ono kutuluka, koma a Mulepa, mkulu wa mpingo wathu, anakonza kukhosi. Ndinati ndimveko kaye zabwino zanga. Ndani sangafune?

"Anali munthu wabwino," anatero a Mulepa. "Wosamwa, wosayambana ndi munthu. Kungoti, tinene zoona, mwambo anausiya ku Joni."

Pamenepo mtima unakwera. Ndinatulukira pabwalo.

"Bodza limenelo! Mwambo ndimaudziwa ine!"

Mayo! Nyimbo inadukira pakati. Amayi anabalalika, wina kusiya patapata, wina kugubuduza beseni la ufa. Ometa tsitsi aja analumpha mpanda ndi foni yanga m'thumba. Che Saidi anagwa chagada pamodzi ndi mpando, miyendo m'mwamba. A Mulepa okha ndiwo anatsala chiimire, mwina chifukwa cha mawondo.

Che Saidi anadzuka, n'kubwera pang'onopang'ono, n'kunditsina pamkono.

"Achimwene, ndinu amoyo?"

"Nanga ndikuoneka bwanji? Ndisiyeni, mukundipweteka!"

"Ndiye masamba pamsewu?"

"Amatchinga zenera."

"Mipando panja?"

"Ndapaka laimu."

"Chithunzi ndi maluwa?"

"Ndimayanika!"

A Mulepa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa mofatsa, "Ndiye bambo, paja mwati mwambo mumaudziwa?"



Tili choncho, kumsewu kunamveka kulira kwatsopano, kwamphamvu. Anali alamu anga a Esitere, akulu ake a Fanesi, amene anauzidwa pafoni n'kukwera boti kuchokera kuchilumba cha Chisi. Analowa pabwalo nkhope ataphimba ndi chitenje, n'kukadziponya patsogolo pa chithunzi changa.

"Alamu anga ine! Mwatsata mkazi wanu ine! Ndani adzandigulirenso shuga ine!"

Palibe analimba mtima kuwaletsa. Onse anayang'ana ine. Ndinawerama n'kuwagwira paphewa.

"Alamu, ndili pano."

Anavundukula nkhope. Anayang'ana ine, anayang'ana chithunzi, anayang'ananso ine. Sanathawe ayi. Anamina, n'kudzuka, n'kumanga chitenje bwinobwino m'chiuno.

"Ndasiya mpunga kumunda mbalame zikudya. Ndawoloka nyanja ndikulira ulendo wonse mpaka mawu kusasa. Ndiye inu mwangoima apa, chipewa m'manja, muli gwa?"

"Pepani, alamu."

"Pepani wanuyo sungani. Ine ndalira kale. Tsiku lenilenilo musadzanditumizire uthenga!"

Chithunzi cha munthu wamoyo chisamapitidwe mphepo pakhonde, abale anga.

Izi ndalemba m'kope la sukulu, ndipo chiswe cha kuno sichisiya pepala. Ndikupempha wina wa cholembera chabwino ailembe nkhaniyi m'buku lenileni, chifukwa padoko pa Kachulu yafika kale poti ndinadzuka m'bokosi n'kuitanitsa tiyi.